Firiji ya Zitseko Ziwiri

Kalata inafika Lolemba m'mawa, Chipeso akusesa tsitsi pansi pa mpando wometerapo. Anaiwerenga ali chiimire, tsache likadali m'manja. Inachokera kusitolo yogulitsa katundu pangongole, ndipo sinazungulire: "Mwaphonya masabata atatu. Mukapanda kulipira pofika Lolemba likudzali, tidzatenga firiji pamodzi ndi katundu amene munaika chikole: makina awiri ometera, mpando ndi galasi."

Chipeso anayang'ana makina ake ali pakhoma, mpando umene anaugula ndi thukuta la zaka ziwiri, ndi galasi lake lalitali. Zimenezi zikapita, ntchito yapita. Akanangotsala ndi chipeso chimene chinkakhala chosomeka m'tsitsi lake tsiku lonse, chomwe chinamupatsa dzina.

Zonsezi zinayamba ndi madzi ozizira.

Chipeso anali ndi miyezi isanu ndi itatu ali m'banja. Ankachita lendi nyumba yogundizana khoma ndi ya a Zitsulo, bambo wowotcherera zitseko ndi mawindo. Mkazi wa Chipeso ankagulitsa nsalu m'sitolo ina, ndipo akaseka, Chipeso ankaona ngati dzuwa latuluka kawiri. Pomufunsira anamulonjeza zambiri: nyumba ya khonde lalikulu, makatani ofika pansi, ngakhale galimoto.

Tsiku lina a Zitsulo anabwera ndi firiji pangolo. Kuyambira pamenepo, mkazi wa Chipeso akaweruka ankayamba walowa kwa aneba, n'kutulukako ndi botolo lozizira, akuseka.

"Koma mayi aja ali ndi mwayi," anatero tsiku lina akupukuta pakamwa. "Amuna awo aja manja awo ndi odala."

Ankangocheza, koma mawuwo anamulowa Chipeso ngati munga wa kuphazi. Manja odala! Nanga ake anali otani? Bambo wa ovolosi yobookabooka, wonunkha utsi, angapose bwanji iye wa malaya osita? Firiji ya aneba ikayamba kung'ung'udza kuseri kwa khoma, iye ankamva ngati ikumuseka.

Sanathe sabata. Anapita kusitolo ija n'kuloza firiji ya zitseko ziwiri, poti ya aneba inali ya chitseko chimodzi.

"Mutu umodzi mumameta ndalama zingati, bwana?" anafunsa wogulitsa.

"Chikwi chimodzi."

"Ndiye vuto lili pati? Zikwi khumi pasabata. Mitu khumi basi! Inuyo Loweruka lokha simumeta mitu makumi atatu?"

Zinali zoona, koma Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Chipeso sanafunse kuti masabatawo ndi angati. Anasaina mapepala atatu osawerenga, maso ali papepala, mtima uli pa nkhope ya mkazi wake.

"Ndalama mwazitenga kuti, inu?" mkaziyo anafunsa firiji ikulowa, itakanirira pakhomo.

"Bizinesi ikuyenda, wanga," anayankha akusisita chitseko chake chonyezimira.

Firijiyo inadzaza theka la pabalaza. M'kati munkakhala mabotolo a madzi, dzira limodzi ndi theka la phwetekere. Magetsi ogula anayamba kutha msanga. Pakati pa mwezi anthu sameta, amadikira malipiro. Masiku ena magetsi ankazima tsiku lonse, makina n'kukhala chete. Analipira masabata khumi ndi awiri movutikira. Kenako anakongola zikwi makumi awiri kwa munthu wa katapila, zoti adzabweze makumi atatu, n'kutsekera masabata ena awiri. Atatu otsatirawo analibe kolowera.

Ndiye Lolemba limenelo maganizo ake sanali pa ntchito. Pampando panali dalaivala wa lole, kasitomala wake wakale. Pabenchi pankadikira Aphunzitsi, bambo wopuma pantchito amene ankabwera kudzawerenga nyuzi yaulere kuposa kudzameta.

"Aise! Wandiboola!" anakuwa dalaivala. Pamwamba pa khutu lake panali chigamba choyera. "Ukuganiza za ndani? Mlamu wathu wathawa?"

Chipeso analephera kuseka. Anatulutsa kalata ija m'thumba n'kuwapatsa Aphunzitsi. Iwo anakonza magalasi, anawerenga, kenako anamenya benchi.

"Ndimanena ine! Ameneyu ndiye kapitalizimu, mwana wanga. Dziko la eni chuma. Amakuonetsa zinthu zonyezimira pa chikwangwani chilichonse mpaka uzidziona ngati ndiwe wopanda pake. Ukakopeka, amakukama mpaka magazi. Iwe sunalakwe. Wakodwa mumsampha."

"Aaa, Aphunzitsi, musamunamize mwanayu," anatero dalaivala, dzanja lili pachigamba. "Kapitalizimu wanuyo anamugwira dzanja posaina? Anabwera kunyumba kudzamunyamula? Munthu anayenda yekha ndi miyendo yake iwiri."

"Nanga malipiro ochepawa anawaika ndi iye? Zinthu zikukwera mtengo tsiku lililonse, mutu ukadali chikwi chomwecho. Wosauka akongole, mwati ndi wopusa. Wolemera akongole, mwati ndi wabizinesi."

"Ine ndimaona chikwangwani cha ndege tsiku lililonse pamsewu, koma sindinagule ndege."

"Chifukwa palibe angakukongoze ndege ndi nkhope imeneyo."

Anakangana mpaka thukuta. Chipeso ankamvera uku ndi uku. Mawu a Aphunzitsi ankamukomera, chifukwa ankamuchotsera mlandu. Mawu a dalaivala ankamuwawa. Koma onse awiri atanyamuka, kalata inali ikadali pabenchi, ndipo Lolemba linali likubwerabe.

Masana kunalowa munthu amene Chipeso sankafuna kumuona ngakhale m'maloto. A Zitsulo anakhala pampando n'kukweza chibwano.

"Ndevuzi zachuluka, aneba. Mayi akunyumba akuti ndikuwaopseza ana."

Chipeso anawakulunga nsalu m'khosi mothinitsa kuposa masiku onse.

"Pang'onopang'ono, achimwene, khosi ndi limodzi lomweli. Kwagwanji? Nkhope ngati mwamwa mankhwala owawa."

"Inu simungamvetse," anayankha Chipeso mouma. "Zanu zinayera. Anthu a manja odala."

A Zitsulo anamuyang'ana pagalasi, kenako anayang'ana kalata ili pabenchi, chizindikiro cha sitolo chikuonekera.

"Chizindikiro icho ndimachidziwa," anatero motsitsa mawu. "Zaka zisanu zapitazo ananditengera makina owotcherera chifukwa cha mipando ya sofa. Ndinakhala chaka chathunthu ndikunyamulira anzanga zitsulo ngati wophunzira. Zimitsani kaye makinawo. Mapepala amene munasaina muli nawo?"

Chipeso anafuna kukana, koma manyazi sakanamusungira mpando. Anatsegula kabati n'kutulutsa mapepala aja, akadali opinda monga anawalandirira.

A Zitsulo anayendetsa chala chawo chakuda pamizere ing'onoing'ono. "Apa. Masabata makumi asanu ndi limodzi. Poti mumakonda kuwerenga mitu, ndi mitu ingati?"

Chipeso anawerengera chamumtima. "Mazana asanu ndi limodzi."

"Wogula ndi ndalama m'manja akulipira mitu mazana atatu. Onani apa. Mukugula mafiriji awiri, mwatenga imodzi. Komanso ndikufunseni: chikwi cha mutu umodzi chimakhala chanu chonse?"

"Ayi. Pali lendi ya pano, magetsi, malezala, sipiriti…"

"Chotsala?"

"Mwina theka."

"Ndiye si mitu khumi pasabata. Ndi makumi awiri, musanagule ndi sopo yemwe."

Chipeso anakhala pabenchi. "Ndiye Aphunzitsi amanena zoona. Anthuwa ndi akuba."

"Aphunzitsi sakunama. Wogulitsa uja amadyera pa anthu osafunsa, ndipo zilembo zazing'onozi sanazichepetse mwangozi. Zimenezo tiyenera kumazidandaula kwa oteteza ogula, tizilankhula mokweza. Koma pofika Lolemba dziko likhala lisanasinthe, aneba. Chimene mungasinthe sabata ino ndi chimene chili m'manja mwanu."

"Nanga inuyo yanu ija munaigula bwanji?" Funsoli linatuluka lokha, ndi nsanje yake yomwe.

A Zitsulo anaseka mpaka nsalu inagwa. "Chiphakasa chija? N'chogwiritsidwa kale ntchito! Tinasunga miyezi khumi ndi umodzi. Chitseko chake ndinachita kuwotcherera ndekha. Ndipo sichikhala chabe, mayi amaumitsiramo madzi oundana n'kumagulitsa kwa ogulitsa nsomba. Chimadzilipirira chokha magetsi."

Chipeso anaona ngati wina wamuthira madzi kumaso. Miyezi yonseyi ankapikisana ndi firiji yowotcherera.

"Ndichite chiyani tsono?"

"Choyamba, akazi anu adziwe lero. Ngongole yobisa imakula ngati chithupsa. Chachiwiri, musadikire Lolemba, pitani kusitoloko mawa. Ndime iyi ikuti mukabweza katundu ali bwino n'kulipira masabata amene mwaphonya, pangano latha, chikole chanu chamasuka. Zimene munalipira kale zapita, musazilire. Chilichonse mwagwirizana, akulembereni. Ndipo osakongolanso kuti mutseke ngongole ina."

"Ndinakongola kale. Kwa wakatapila."

"Ayi ndithu, mwana iwe!" A Zitsulo anagwira kumutu. "Chabwino. Ameneyo ndiye woyamba kumuchotsa mukangomasuka. Tsono ndimeteni, ndevu zatsala mbali imodzi."

Madzulo dzuwa lisanalowe, Chipeso anamupeza mkazi wake akuanula zovala. Anamuuza zonse, maso ali pansi. Mkaziyo anamvetsera, mulu wa zovala uli pamkono, mpaka Chipeso anamaliza.

"Ndiye mwaika mpando wanu pachikole chifukwa cha madzi ozizira?"

"Unati a Zitsulo manja awo ndi odala."

"Inetu ndinanena chifukwa anatikonzera loko wa chitseko osatilipiritsa! Mwaiwala?" Anaponya zovala m'beseni. "Kwa anebako ndimapitira macheza. Inu mumafika mochedwa, mukufuna ndizicheza ndi khoma? Chimene chikundiwawa si firiji. Munandinamiza. Ndinkadabwa kuti bizinesi ikuyenda bwanji pamene mwamuna wanga akuonda."

"Ndinkafuna uzindinyadira."

"A Chipeso, ine ndinakukondani muli ndi malaya awiri, ena ongobwereka." Anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, kenako analowa m'nyumba. Potuluka anali ndi kachikwama. "Ndinkasunga za makatani. Zilipo zikwi makumi awiri ndi ziwiri. Inu muli ndi zingati?"

"Zisanu ndi zinayi."

"Zakwana, chatsalanso chikwi cha ngolo. Koma kuyambira lero, pepala lililonse tiziwerenga awiri."

M'mawa mwake anapita onse. Wogulitsa uja anawalandira ndi mano onse panja. Atamva nkhani yawo, anati palibe chifukwa chobwezera katundu wabwino chonchi. Akanatha kuwatsitsira kufika zikwi zisanu ndi ziwiri pasabata.

Mtima wa Chipeso unadumpha. Mitu isanu ndi iwiri yokha! Firiji ikanakhala, aneba sakanaona ngolo ikuitulutsa. Anatsegula pakamwa kuti avomere, koma anadzigwira.

"Kwa masabata angati?" anafunsa.

Wogulitsayo anakanda m'mutu. "Mwina… makumi asanu ndi anayi."

"Zonse pamodzi zikhala zingati?"

Munthu uja anayamba kusakasaka cholembera chimene chinali kukhutu kwake. Mkazi wa Chipeso anaseka pang'ono.

"Tikubweza," anatero Chipeso. "Monga ikunenera ndime iyi. Ndipo mutilembere kuti makina, mpando ndi galasi zamasuka."

Anadikira maola awiri kuti bwana wa sitolo asaine, koma anatuluka ndi kalatayo m'manja. Firiji inatuluka m'nyumba masana, anthu akuona. Ena analoza, ena ananong'onezana. Chipeso manyazi anamugwira mpaka m'makutu, koma a Zitsulo anabwera kudzagwira mbali imodzi, akudandaula kuti zitseko ziwiri n'zolemera.

Lolemba lija linafika. Chipeso anatsegula malo ake ometera m'mawa, palibe anabwera kudzatenga kanthu. Analumikiza makina kumagetsi, anamvetsera kulira kwake, ndipo anameta mutu woyamba mosamala ngati wa mkwati.

Ngongole ya wakatapila Chipeso anaimaliza m'masabata asanu. Kenako iye ndi mkazi wake anagwirizana kuti madzulo aliwonse azigawa ndalama patatu: za ntchito, za pakhomo ndi zosunga. Zosungazo masiku ena zinkakhala zochepa zochititsa manyazi, koma zinali zawo, zopanda mwini wina wozidikira pakhomo. Nsanje sinathe tsiku limodzi. A Zitsulo atagula njinga, Chipeso anamva kamunga kaja kakubayanso. Koma ulendo uno anapita kukawafunsa kuti anasunga miyezi ingati.

Phunziro lake ndi ili. N'zoona kuti ogulitsa ndi okongoza ena amapindula ndi kusadziwa kwathu, ndipo tili ndi ufulu wowafunsa, wowadandaulira ndi wofuna malamulo otiteteza. Koma dzanja losaina ndi lathu. Musanatenge ngongole, funsani kuti mudzalipira zingati zonse pamodzi ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji. Werengerani pa sabata imene malonda avuta, osati imene ayenda bwino. Musaike pachikole zipangizo zimene zimakudyetsani, ndipo musabisire mnzanu wa m'banja. Zinthu zikathina, pitani msanga kwa amene anakukongozani. Koposa zonse, musagule chinthu chifukwa choti mnzanu ali nacho, pakuti simukudziwa njira imene iye anadzera.