Buku Limene Telala Anasoka

Chimwalirireni mkazi wake, telala ankakhala ngati mlendo m'nyumba yake yomwe. Mwana wake wamkazi, wa zaka khumi ndi zisanu, anali atasiya kucheza naye. "Eya," "Ayi," basi n'kukadzitsekera kuchipinda. Zinkamupweteka bamboyo, ndipo ankaopa kuti mwanayo sadzamuyankhulanso.

Tsiku lina anapita kulaibulale ya pafupi ndi shopu yake.

"Amayi, atsikana a msinkhu umenewu amakonda mabuku anji?" telalayo anafunsa mayi woyang'anira mabuku.

Mayiwo sanayang'ane n'komwe mabuku atsopano. Anatulutsa lina lakutha, lothothoka masamba, lomanga ndi labala.

"Ine ndimaonera kung'ambika, bambo. Buku labwino silikhala loyera. Ili ana amachita kulimbirana."

Telala n'telala basi, sangapatse mwana wake chinthu chong'ambika. Atafika kushopu anakankhira pambali thalauza la kasitomala, nayala masamba aja patebulo. Manambala a m'makona anali atafufutika ndi zala za ana. Ndiye iye, m'malo moti awerenge, anangosanja monga amachitira ndi nsalu: oderako pamodzi, oyererako pamodzi. Analisoka ndi singano yaikulu, msoko wooneka bwino zedi, n'kukalisiya pakhomo la chipinda cha mwana uja.

Loweruka masana akudula kolala, anangoona mwana uja waima pakhomo la shopu, buku lili m'manja.

"Ababa, mwasoka ndinu bukuli?"

"Ndine. Lavuta?"

"Mwasokoneza masamba. Mayi ake a mtsikana wa m'nkhaniyi amwalira pakati pa buku, maliro achitika. Koma kumapeto ali moyo, akuyanika zovala, akukalipira mwana wawo kuti wachedwa kudzuka."

Telala anachita manyazi kwambiri. Mawu ambiri chonchi mwanayo anali asanamuyankhulepo chichitikireni maliro a mayi ake, ndiye oyamba akhale omudandaulira! Anatenga sizasi.

"Pepa mwanangu. Bweretsa ndimasule ulusiwo, undiuze pamene tsamba lililonse likuyenera kukhala."

Mtsikanayo sanapereke. Analowa, nachotsa zidutswa za nsalu pampando umene mayi ake ankakhalapo akamasokerera mabatani, n'kukhala pomwepo. Bukulo analigwira pachifuwa.

"Musamasule, ababa," anatero motsitsa mawu. "Lisiyeni choncho. Mukufuna ndikuwerengereni pamene akuyanika zovalapo?"

Telala anaika sizasi pansi, nazimitsa makina.