Ulusi Wofiira ndi Woyera

Mayi Tsvetana ankatambasula ufa wa banitsa, chitumbuwa cha tchizi, patebulo, manja ali mbuu, pamene mlongo wawo Lyuben analowa osagogoda. Linali Lamulungu lopepesana, tsiku limene ana amapsompsona dzanja la akulu n'kupempha chikhululukiro nyengo yosala kudya isanayambe.

Lyuben anakhala pafupi ndi chitofu, chipewa chili m'manja. Ananena kuti mwana wake Nevena sabwera kudzadya nawo. Kenako anaulula zimene ankabisa. Kuyambira chaka chatha mtsikanayo ankadwala matenda ovutika maganizo, ndipo nthawi zina ankadzicheka m'mikono. Tsopano amaonana ndi dokotala, komanso amakumana ndi anzake a vuto lomwelo m'chipinda cha pamwamba pa nyumba yowerengeramo mabuku, ndipo lero ali komweko. Akupezako bwino, koma akuopa kuonana ndi azakhali ake, Mayi Tsvetana.

Mayi Tsvetana anadziwa chifukwa chake. Pa 1 Malichi iwo anamanga ulusi wofiira ndi woyera pamkono wa aliyense wa m'banjamo, monga achitira chaka ndi chaka pofunirana moyo wathanzi. Nevena yekha anabisa manja m'juzi. Iwo anamuseka pagulu kuti sukulu ya ku Sofia yamupatsa matama, mpaka anakoka mkono wa juziyo. Mtsikanayo anatuluka osatsanzika.

"Pakamwa panupo ndi belu la kutchalitchi, mayi," anatero amuna awo a Stoyan uku akuba tchizi m'mbale. "Limayamba kulira ansembe asanavale n'komwe."

"Chotsani dzanjalo, nkhalamba inu. Zaka makumi anayi belulo lakhala likukudzutsani."

Mayi Tsvetana anaphika banitsa uja. Atapsa anamukulunga pansalu, anaima pang'ono pa chithunzi cha Amayi Maria n'kupempha kuti lero lokha lilime lawo liyende pambuyo pa mtima. Kenako anavala chikhothi n'kupita ku nyumba yowerengeramo mabuku ija.

M'chipinda chija munali phokoso ndi kuseka, zimene iwo sankayembekezera. Anthu khumi ndi awiri anazungulira tebulo akupota ulusi, wina mphunzitsi wopuma ntchito, wina woyendetsa basi yemwe ankamudziwa bwino. Pa ulusi uliwonse ankamangirirapo kapepala ka nambala yoimbapo munthu mtima ukalemera. Mayi Tsvetana anaona mayi wina akuthirira tiyi bambo wonjenjemera manja. Anathira theka la kapu basi kuti asatayike.

Nevena atawaona anaimirira, nkhope yake itafiira. Woyendetsa basi uja anafunsa ngati fungo labwinolo labwera kudzakhala kapena kungodutsa. Anthu anaseka, banitsa n'kuyamba kuyenda m'manja.

"Azakhali, mwabwera," anatero Nevena chapansipansi. Anatola ulusi umodzi patebulo. "Kuno timayamba tafunsa. Ndikumangireni pati, pamkono kapena pachikhothi?"

"Pamene iwe wamanga wako."

Nevena anawaonetsa batani la juzi yake, pomwe pankalendewera kaulusi kopota mokhota. Anawamangira pa batani la chikhothi, zala zake zikuchedwa pa mfundo. Atamaliza anakumbukira tsikulo, ndipo anawerama kuti apsompsone dzanja lawo.

Mayi Tsvetana analibweza dzanjalo. M'zikhadabo munali mudakali ufa. Anatambasula chikhatho n'kudikira, osakhudza juzi, mpaka Nevena anaika yekha dzanja lake pamenepo. Apo iwo ndi amene anawerama, msana ukudandaula, n'kupsompsona zala za mwana wa mlongo wawo. Woyendetsa basi anasiya kutafuna.

Mawu a Mayi Tsvetana anali aakulu chibadwire, ndipo sanayese kuwatsitsa.

"Ndinakuseka pagulu, ndiye ndipepesanso pagulu. Ndinakoka juzi yako osafunsa, ndinakunena za matama pamene iwe unali pa ululu. Undikhululukire, mwanawe."