Kapu Yachiwiri M'chikwama cha Ryohei

Chizuru anali atagwada pamkeka, chikwama cha malemu mwamuna wake chili pamiyendo, pamene mlamu wake Masaomi anapisamo dzanja n'kutulutsa kapu yachiwiri.

"Nanga iyi ndi ya ndani?" anafunsa akuizunguza pachala. "Fulasiki imodzi, makapu awiri. Mng'ono wangayu anali ndi pakamwa pawiri?"

Linali tsiku lachisanu ndi chinayi chigwereni Ryohei pamasitepe amiyala kumtunda kwa tauni ya Onomichi, kambendera kotsogolera alendo kali m'manja. Adokotala anati unali mtima. Chikwamacho chinabwera kuchokera kuchipatala chili chomanga, ndipo Chizuru anali asanalimbe mtima kuchitsegula mpaka tsikulo.

"Masaomi, ika pansi," anatero apongozi a Chizuru osacheuka. Ankayatsa lubani patsogolo pa bokosi loyera la mafupa a mwana wawo, otsala mtembo utawotchedwa.

"Ndangofunsa, Amayi. Munthu woyenda ndi azimayi tsiku ndi tsiku, kuwaseketsa ndi nthano za amonke ndi mizukwa... Aa, alamu, musandiyang'ane choncho. Ndikungocheza."

Chizuru anayang'anitsitsa makapuwo. Kapu yobiriwira ankaidziwa, anagula yekha. Koma yoyerayi, yobenthuka pamlomo, yothimbirira ndi tiyi m'kati, anali asanaionepo. Zaka zisanu akutsuka mbale m'nyumba imeneyi, sinafikepo m'manja mwake. Ndiye kuti Ryohei ankaitsuka yekha, kwina.

"Za mawa bwanji?" anatero apongozi. "Azimayi a ku Fukuyama aja ayankha. Akuti amva za maliro, komabe abwera. Akufuna ayende njira yake komaliza."

"Ine sitima yanga ya ku Osaka ndi yam'mamawa," anatero Masaomi. "Ndipo tinagwirizana kale. Ntchitoyi yatha, nyumba tikugulitsa, Amayi mukakhala kwathu, alamu abwerera kwa makolo awo ku Matsue. Kukwera phiri kulipira chiyani?"

"Wam'nyumba muno awatsogolere. Ine mawondo anandikana. Chizuru."

"Amayi, sindinatsogolepo anthu ine. Nthanozo ndinkangozimva akuyeseza kukhitchini. Komanso mwana..."

"Mwana um'bereka. Mu akachisi a Abuda ulowe nawo, kumeneko maliro si kanthu. Koma mukafika pachipata cha kachisi wa milungu, iwe ukatsale panja. Masiku makumi asanu sanakwane. Usakalowetseko imfa."

M'mawa mwake, kwa nthawi yoyamba, Chizuru anadutsa pa bokosi loyera lija osayatsa lubani. Anachiyang'ana chithunzi chimene Ryohei anajambulidwa akuseka, n'kutembenuza nkhope. Anathira tiyi m'fulasiki chifukwa apongozi ankamuona, namangirira mwana wake Sumire pachifuwa, natenga chikwama chija, natuluka.

Azimayi asanu ndi atatu ankamudikira pasiteshoni, ndodo zoyendera zili m'manja. Anawerama, iye nawerama. Kenako anayamba kuwawerenga mmodzimmodzi ndi maso, kufuna mwini wa kapu yoyera ija. Uyu wa chipewa chachikasu? Uyu wopaka milomo? Wamng'ono pa onsewo anali ndi imvi mutu wonse. Chizuru anachita manyazi, komabe sanaleke. Mwina si gulu lino. Magulu analipo ambiri, mazana.

Pakachisi woyamba anasokoneza nthano. Anati mmonke anasenza belu kukwera nalo phiri masiku atatu.

"Asanu ndi awiri, mwanawe," anatero wa chipewa chachikasu. "Ndipo amuna ako pamenepa ankawerama n'kumabuula ngati ng'ombe, mpaka wansembe kutuluka kudzatikalipira."

Onse anaseka, kenako kuseka kunazima kokha.

Anakwera m'tinjira topanikizika pakati pa mipanda, amphaka akuwapatukira. Sumire ankalemera sitepe iliyonse. Pamalo pamene Ryohei anagwera panalibe chizindikiro chilichonse, mwala ngati miyala inzake, udzu utamera m'mng'alu. Chizuru anaponda pambali. Kunsi, nyanja inali yotuwa, ndipo denga la nyumba yawo linkaoneka, laling'ono, loti mwezi wamawa likhala la eni ena.

Mvula yowaza inayamba atafika pachipata chamiyala cha milungu. Chizuru anaima patali ndi nsanamira zake.

"Lowani, amayi. Madzi osamba m'manja ali kumanzere. Ine ndikudikirani pano."

Azimayiwo anawerama pachipata n'kulowa, maambulera akugundana. Chizuru anakhala pamwala wathyathyathya m'mbali mwa njira, nafunditsa mwana malaya ake. Akanatha kulira pamenepo, koma sankadziwa kuti akulira ndani.

Atadzutsa mutu anaona kuti mmodzi sanalowe. Anali Mayi Kuwahara, wamfupi, wamagalasi okhuthala, amene njira yonse ankayenda kumbuyo.

"Amayi, anzanu akusiyani."

"Andisiye. Milungu imeneyo ndinaipatsa moni chaka chatha, siinaiwale. Sendera." Anakhala pamwala pomwepo akupuma mwawefuwefu. "Fulasiki wabwera nayo? Kapu yoyera ija ilimo?"

Chizuru anamutembenukira.

"Mukuidziwa bwanji?"

"Kubenthukako ndine. Inandipulumuka pamwala uno, zaka zinayi zapitazo." Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Bambo akunyumba anali atamwalira masabata atatu okha. Anzangawa anandikoka kuti ndisamangokhala m'nyumba. Tifike pano, onse n'kulowa, ine n'kutsala ngati galu womangidwa pakhomo la sitolo. Amuna ako anawalozera anzanga njira, n'kubwerera. Anakhala pamene wakhalapo iwepo."

"Ananena chiyani?"

"Ameneuja? Wolongolola ngati wailesi uja? Palibe. Anangothira tiyi. Titamaliza ndi pamene anati pafupifupi gulu lililonse limakhala ndi mmodzi wotsala panja, n'chifukwa chake amayenda ndi makapu awiri. Yoyerayo ankaitsukira pampopi apo, kuti aliyense aipeze yoyera." Anamuyang'ana Chizuru. "Sanakuuzepo?"

Chizuru anapukusa mutu. Ryohei ankamuuza zonse: za amonke, za amphaka, za mlendo wotaya nsapato. Izi zokha ayi. Ndipo iye, chifukwa cha nthabwala ya Masaomi, anamumana mwamuna wake lubani m'mawa uno. Panalibenso woti amupepese. Panali bokosi loyera basi, m'nyumba yogulitsidwa.

M'kati mwa mpanda belu laling'ono linalira, kenako kuwomba m'manja kawiri. Sumire anatakataka pachifuwa n'kugonanso.

Chizuru anatsegula chikwama, natulutsa makapu onse awiri n'kuwaika pamwala. Tiyi anatayikira pang'ono pothira. Anatenga kapu yoyera ndi manja awiri kuti apereke kwa mayiyo.

Mayi Kuwahara anaikankha pang'onopang'ono ndi nsonga za zala, kuibwezera kwa iye, n'kudzitengera yobiriwira ija.

"Iyayi, mwanawe," anatero. "Yoyerayo ndi ya wotsala panja."