Maso a pa Tsamba Lomaliza

Chithunzi chomaliza chidakhala miyezi inayi chopanda maso, ndipo Kesro adali atatopa ndi zifukwa za mwamuna wake.

Zina zonse zidali m'malo: zipata za mzinda, akazi oponya maluwa ali padenga, njovu zovekedwa golide, ndi Ambuye Rama, mulungu wawo, akutsika m'galeta pofika kwawo atatha zaka khumi ndi zinayi m'nkhalango. Pepalalo lidangoposa chikhatho pang'ono, koma ukadatha kuwerenga mikanda ya m'khosi mwa aliyense. Pankhope ya Rama pokha ndiye padali timalo tiwiri toyera. Paja wojambula aliyense m'chigwa cha Kangra amamalizira maso. Chopanda maso ndi pepala chabe, koma ukangowaika, mulungu walowamo, akukuona, ndipo ntchito yako yathera pomwepo.

Mwamunayo, Dhianu, adalumbira kukachisi chaka chimene asilikali ochokera kum'mawa adagwira mwana wawo Sarnu kuti akawasenzere katundu. Adalonjeza kujambula ulendo wonse wa Rama, tsamba ndi tsamba, zaka khumi ndi zinayi, osagulitsa ngakhale limodzi. Pobwezera adapempha chimodzi: tsiku lomwe Rama adzaone chipata cha kwawo, nayenso Sarnu adzaime pachipata cha makolo ake. Wansembe adangoti Rama amamva. Kesro adakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo zaka zonsezo ndiye ankapera utoto, miyala yobiriwira, dothi lofiira, zigoba zoyera, mpaka zikhatho zake zidauma gwa.

Tsopano zakazo zidakwana, Dhianu n'kuyamba kuzengereza. Lero akuti mwaye wa panyali wojambulira maso wachita chinyezi, mawa akuti tsiku si labwino, mkuja akuti burashi yatha. Burashi ya maso amapanga ndi ubweya wa kumchira wa gologolo: umamgwira, n'kumeta pang'ono, n'kumpepesa, n'kummasula, chifukwa amati mizere ya pamsana pake ndi momwe mudadutsa zala za Rama pomusisita. Kunena zoona, agologolo onse a m'mudzimo ankayenda ndi michira yoperewera, koma burashi yomukhutiritsa mkuluyo sidapezeke.

Kesro adali ndi maso. Ankaona mkaka ukutayikira pandevu mwamunayo akamamwa, ankaonanso mmene ankabisira dzanja lamanja m'nsalu. Mmawa wina adamuikira chapati patsogolo, n'kumufunsa kuti nanga lero chavuta n'chiyani.

"Mayi a Sarnu, kuona maso a nkhono n'kudekha," adatero Dhianu.

"Nkhono yanuyo idafera m'chigoba kalekale. Dzanjalo mukuyesa sindikuliona? Pofika chaka chamawa simudzatha kuika ngakhale kadontho. Mwana azingoima panja chifukwa cha mantha anu?"

Dhianu adanyema chapati, osadya. Kenako adafunsa motsitsa, osamuyang'ana: "Nanga ndikawaika, iye osabwera?"

Funsoli Kesro ankalidziwa bwino. Lidakhala naye pamwala woperera zaka zonsezo, ndipo ankaliopa kuposa imfa. Chithunzi chikadali chosatha, Sarnu adali m'njira. Chikatha, adzakhala kuti? Komabe adayankha kuti abwera.

Kutacha Dhianu adakasamba kumtsinje, osalawa kanthu. Adakhala pakhonde kuyang'ana kum'mawa, thabwa lili pabondo, n'kutchula dzina la Rama katatu. Adanyowetsa burashi m'kachigoba ka utoto, adagwira mpweya, ndipo dzanja lija, lomwe linkalephera kusunga chikho, lidaima nji. Kamzere kamodzi, kenanso, timadontho tiwiri. Adaika burashi pansi n'kugwetsa mphumi pamphasa.

Kesro adasesa bwalo, adazira pakhomo, adaphika mpunga wa mkaka umene Sarnu ankaukonda, n'kukakhala pachipata. Padadutsa wamalonda a mchere ndi abulu ake. Padadutsa akazi opita kuchitsime, amene adamupatsa moni n'kufulumira, poti mudzi wonse unkadziwa za lumbirolo. Mpunga uja adapatsa ng'ombe. Tsiku lachiwiri adaphika wina, lachitatunso. Pofika lachisanu adaleka kuphika, koma pachipata ankakhalabe. Adakwiyira mwamuna wake, adadzikwiyira yekha pomukakamiza, ndipo atazindikira kuti wayamba kukwiyira Rama, adachita mantha, pakuti ukataya mwana n'kutayanso mulungu, umatsala ndi chiyani?

Tsiku lakhumi Dhianu adamuitana. Adali atakhala pakhonde, chithunzi chili pafupi ndi mphuno yake, nkhope itagwa ngati ya munthu wodwala chaka chathunthu.

"Taonani, mayi a Sarnu. Diso lakumanzereli lapendama. Ndalakwitsa ndine. Ambuye sangaone njira ndi diso lotere."

Kesro adalandira pepalalo n'kupita nalo padzuwa. Adakhala ndi wojambula zaka makumi anayi, ndipo diso lopendama ankalidziwa ali patali. Awa adali maso abwino kuposa onse amene mwamunayo adajambulapo, ofanana, aatali, onyowa ngati amoyo. Rama ankamuyang'ana modekha, mokoma mtima, ngati munthu amene sadapemphedwe kanthu.

Kesro adacheuka. Dhianu ankamudikira, dzanja likunjenjemera poyera pabondo, ndipo pambali pake padali pepala latsopano, losalazidwa kale ndi mwala. Lumbiro silisokedwa chigamba: ukalakwitsa, umayambira tsamba loyamba. Zaka zina khumi ndi zinayi, kwa munthu amene chilimwe chamawa sadzatha kumanga yekha nduwira.

"Inde, bambo a Sarnu," adatero Kesro. "Lapendama."

Adamva mwamunayo akutulutsa mpweya wautali. Kenako Kesro adalowa m'nyumba, adatenga mwala woperera ndi dothi lofiira, n'kukhala pansi, msana ataulozetsa kuchipata.