Nkhuku Yopanda Tsabola

"Nkhuku ziwiri, chipisi chachikulu, imodzi yopanda tsabola!" anakuwa kapitawo ali pazenera lotulutsira chakudya.

Inali nthawi ya nkhomaliro ndipo mzere unafika pakhomo. Kapitawoyo anali mtsikana amene anangokwezedwa kumene. Ntchito yake inali kulandira maoda kuchokera pakauntala, kuwakuwira ophika, n'kuona kuti chakudya chatuluka monga mwini wake wanenera. Mafuta ankalira, makina okoka utsi akulirima. A Malume, okazinga nkhuku amene anakalambira m'khitchinimo, anali atamufulatira.

Posakhalitsa mayi wina anabwerera atanyamula mwana akulira, milomo ili psu. Nkhuku ija inali ya tsabola.

"Zayambanso," anatero bwana atamaliza kupepesa mayiyo. "Chakudya china chikabwerera, wina achoka ntchito. Sindisamala kuti ndi ndani."

Bwana atatembenuka, wa pakauntala anamunong'oneza kapitawo. "Iwe sukuona? Udindo wakowu ankaufuna ndi a Malume. Chikwezedwere iwe, tsiku linathapo popanda cholakwika?"

Mawuwo anamukhala pamtima. Anayamba kuwayang'ana a Malume ndi diso la m'mbali. Akakuwa oda, ena onse ankayankha kuti "Tamva!" koma iwo ankangogwedeza mutu, mochedwa, atayamba asuzumira zimene anzawo akuchita. Tsiku lomwe ankakwezedwa nalonso sanamugwire chanza.

"Malume, soseji zitatu!"

Zii. Anapitiriza kutembenuza nkhuku zawo.

"Waonatu," anatero wa pakauntala. "Akufuna ugwe."

Kapitawo anaganiza zowatchera. Anakaima kumbuyo kwawo, chakumanzere, n'kunena momveka bwino kuti, "Bwana akuti mawa musabwere."

Anadikira mkangano. A Malume sanaphethire n'komwe. Anangopukuta thukuta ndi phewa, akuimba kanyimbo ka pakhosi. Munthu wonamizira kusamva sakanapirira mawu otero.

Anazungulira kumanja n'kuwagwira mkono. "Soseji zitatu."

Maso awo anathamangira pamilomo yake, osati m'maso. "Soseji zitatu, zikubwera."

Anthu atachepa, anawapeza kuseri akutsanulira mafuta akale m'chigubu.

"Khutu lakumanzerelo linayamba liti kusamva?" anawafunsa.

"Khutu la ndani?" A Malume anawongoka. "Akutuma ndi bwana eti?"

"Palibe wandituma."

"Makutu anga ali bwinobwino. Vuto ndi iwe, umayankhula ngati akukuthamangitsa."

"Ndinakuuzani kuti mawa musabwere, inu n'kumaimba nyimbo."

A Malume analeka kutsanulira mafutawo.

"Ndinkangokuyesani," anatero kapitawo. "Koma mwana uja wapsa pakamwa, Malume. Mawa adzakhala wodwala amene dokotala anamuletsa tsabola."

Iwo anayang'ana m'chigubu. "Pamsinkhu uwu, andilembanso ndani?"

Asanawayankhe, chitseko chinatseguka. Anali bwana, manja ali m'chiuno.

"Misonkhano ya kuseri! Ndiye walakwitsa ndani?"

Kapitawo ankadziwa kuti akabisa, cholakwika chotsatira chidzagwera iyeyo.

"Ndi phokoso, bwana. Ndikakuwa pazenera paja, mawu sakufika kwa ophika. Kuyambira mawa ndiziima moyang'anana ndi ophika."

"Phokosolo layamba lero?" Bwana anamuyang'ana, kenaka n'kuyang'ana a Malume. "Chilipo chimene mukubisa awirinu. Ndiona mawa."

Bwana atalowa, a Malume anamuyang'anitsitsa kapitawo ngati wakuba amene wabweza chimene waba.

"Mwana iwe, ukufuna chiyani kwa ine?"

"Tsiku lanu lopuma mupite kuchipatala. Mukapanda kupita, ndikanena ndekha."

A Malume ananyamula chigubu chawo n'kulowa. Kapitawo anatsala panja, osadziwa ngati amva kapena ayi.