Asidi Wodya Galasi

Pulofesa atangokwezedwa pantchito, bambo ake anabwera kudzaona kumene amagwira. Zaka zonse zimene iye ankafufuza za galasi losasweka msanga, mkuluyo ankangouza anzake kuti mwana wake wamkazi amaphika mchenga kuyunivesite.

Pulofesa anawaveka chovala choyera, n'kuwaonetsa ng'anjo, masikelo ndi tizidutswa ta galasi. Kenako foni inalira mu ofesi. Anawapempha kuti asakhudze kanthu, n'kutuluka.

Pobwerera anawapeza akupukuta tebulo ndi kampango kawo. Kabotolo kapulasitiki, kamene wophunzira wina sanatseke bwino, kanali katagwa. Iwo anati anakagunda ndi chigongono, koma asadandaule, ndi timadzi chabe.

Pulofesa anawerenga dzina pakabotolopo. Anali asidi wodya galasi. Ameneyu sawotcha nthawi yomweyo. Amalowa pakhungu mwakachetechete mpaka kumafupa, ndipo akachuluka amaimitsa mtima.

"Bambo, tayani kampangoko. Dzanja pampopi, musalichotse."

Mkuluyo anaseka, nati sakumva kanthu, ndiponso khungu lake n'lachikale, ngakhale udzudzu umabwerera. Koma ataona mwana wake akukanika kutsegula mankhwala opaka chifukwa cha mantha, kuseka kunatha.

"Mwanangu, kodi ndifa?"

Pulofesa anapaka mankhwalawo pazala, n'kuveka dzanjalo golovesi, n'kuwakokera kugalimoto.

Ululu unayamba ali pamsewu. Mkuluyo anangoluma mlomo, thukuta lili chuchuchu. Pulofesa ankayendetsa diso lina lili pachifuwa chawo, kuona ngati akupuma, mumtima akudzifunsa kuti amayi ake akawauza chiyani. Kutsogolo lole ya njerwa inkayenda ngati ikupita kumaliro. Analiza hutala mpaka chikhatho kuwawa.

Kuchipatala namwino anawauza kuti akhale pamzere, poti dzanjalo linalibe bala. Pulofesa anatchula dzina la asidiyo mobwerezabwereza, mawu akukwera, mpaka dokotala anatulukira akuthamanga. Anawabaya bambowo jakisoni, n'kuwalumikiza kumakina oyeza mtima. Pulofesa anatsala pabenchi, ndipo chitseko chikangoti kwee, ankadzambatuka.

Mtima wa mkuluyo unapirira. Zikhadabo ziwiri zinathothoka, chala chimodzi chinauma, sichinapindikenso. Potuluka m'chipatala mkuluyo anamunong'oneza kuti amayi asamve zonse, angamuletse kuyenda.

Pulofesa atabwerera kuntchito anaima nthawi yaitali pakhomo la labotale, kiyi ali m'manja. Anatsegula atamva ophunzira akubwera.