Batani M'mkono wa Malaya

Nkhaniyi anandiuza ndi telala wina, ine nditakhala pakhonde pake kudikira buluku langa, iye phazi lili pamakina.

Mpongozi wake anali m'chipatala atachitidwa opaleshoni, mimba ya miyezi iwiri itapita padera. Mwamuna wake, mwana wa telalayo, wokonza njinga, analumbira kuti sakapondako. Anzake anali atamudyetsa bodza lakuti mkaziyo anachotsa dala. Zovala za mkaziyo anali atazilongedza kale m'thumba kuti akazitule kwa makolo ake.

Tsiku limenelo kunabwera mwana wamkazi wa telala, amene amaphunzira udokotala. Anapeza mchimwene wake ali m'shopu ya bambo awo, nkhope ili gwa.

"Achimwene, alamu mwakawaona?"

"Ndikaone chiyani? Wandiphera mwana."

"Madokotala akuuzani kuti chiyani?"

"Chizungu chokhachokha. Ekitopiki, ekitopiki. Ndimadya zimenezo ine?"

Apa telala akuti ananyamuka kuti atuluke, poti za m'mimba mwa mpongozi si zomvera mkamwa mwa mwana wako wamkazi. Koma mtsikanayo anamugwira dzanja.

"Khalani, bambo. Mundibwereke malaya awo."

Anatenga malaya osamaliza kusoka n'kuwayala patebulo lodulira nsalu, manja ali tambalale.

"Thupi la malayali ndi chiberekero. Manja awiriwa ndi machubu, njira za mazira. Dzira likakumana ndi umuna..."

"Iwe! Pamaso pa bambo?"

"Ndiye inu munachita kutoledwa pamsewu? Mverani. Zikakumana, pamakhala mluza, kanthu kochepa kuposa batani ili. Umayenda m'chubu mpaka kukakhazikika m'chiberekero. Wa alamu unaima panjira."

Analowetsa batani m'mkono wa malaya, n'kulisiya pachigongono. Kenaka anayamba kukankhiramo zidutswa za nsalu, zina pamwamba pa zina, mpaka mkonowo unatupa.

"Bambo, ndikapitiriza chichitike n'chiyani?"

"Msoko uphulika," anayankha telala. "Ndipo malayawo ndi a eni ake, mayi, chonde."

"Mwa munthu ukaphulika, magazi amatayikira m'kati, osaoneka. Mluza wa m'chubu sungakhale mwana, achimwene, ngakhale atabwera dokotala wotani. Akanachedwa, bwenzi pano mukugula bokosi."

Wokonza njinga anayang'ana mkono wotupawo.

"Nanga unaimiranji panjira?"

"Nthawi zina sizidziwika. Nthawi zina ndi matenda opatsirana pogonana, amene amasiya zipsera, njira n'kuchepa. Ndiye musathamangire kuloza chala. Mukayezetse nonse awiri."

"Mwanayu alibe ulemu, bambo."

"Ulemu ali nawo," anatero telala. "Funsa zimene ukufuna kufunsazo."

Mnyamatayo anatembenukira kwa mlongo wake. "Ndiye kuti sadzaberekanso?"

Mlongo wake anapinda mkono wotupa uja, n'kukweza winawo. "Achotsa umodzi. Uwu ulipo. Ambiri amabereka ndi umodzi."

Pofika pamenepa telala anaimitsa makina, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Akulu, ameneyo ndi mwana amene ndinkamutuma kukagula ulusi. Mawu amene ine sindingathe ngakhale kuwatchula, iye anawayala patebulo langa, ife tonse n'kumva."

Wokonza njinga uja akuti anakamasula thumba, n'kusankhamo diresi limodzi lotakasuka, losathina pabala. Anafunsa mlongo wake kuti odwala amawaona nthawi yanji, ndipo atamva kuti nthawi yatsala pang'ono kutha, anakwera njinga ya kasitomala yopanda mabuleki.